Zachuma cha mpikisano wa pamsika: munthu ayambire pati, ndipo masamu ake ndi otani?

Tiyamike_Zomba:

Moni nonse akuluakulu. Ndili chaka chachitatu cha digiri ya zachuma ndipo ndikulingalira zodzapitiriza digiri yachiwiri pa nkhani za mpikisano wa pamsika, monga kugwirizana mitengo mobisa, kuphatikizana kwa makampani ndi kuponderezana pamalonda. Ena akuti awa ndi maphunziro a maloya, ena akuti ndi masamu okhaokha. Zoona ndi ziti? Ndikonzekere chiyani panopa ndisanalembere malo, ndipo anthu ambiri amagwera pati?

aNgozo:

A Tiyamike, onse awiriwo akunena zoona mbali imodzi. Loya amafunsa ngati lamulo laphwanyidwa. Wazachuma amafunsa funso limodzi lokha, mobwerezabwereza: zikanapanda kuchitika zimenezi, mtengo ukanakhala pati? Maphunziro onsewa ndi zida zoyankhira funso limeneli. Phunziro lomwe lili pakatikati pake limatchedwa industrial organisation, ndipo limaima pa mafuwa atatu: microeconomics, game theory ndi econometrics. Limodzi likasowa, mphika sukhazikika.

Masamu ake si oopsa, koma ayenera kukhala m'manja osati m'buku. Muzitha differentiation osayang'ana pena, kupeza pomwe phindu lafika pachimake, kuthetsa ma equation awiri kapena atatu pamodzi, ndi kuphatikiza geometric series. Dziyeseni ndi ichi usiku uno. Mtengo pamsika ndi P = 100 − Q, ndipo kupanga chinthu chimodzi kumadya 40.

Kampani ikakhala yokha imapanga 30, mtengo 70, phindu 900. Pakanakhala mpikisano weniweni mtengo ukanakhala 40 ndipo anthu akanagula 60. Ndiye 900 yachoka m'matumba a ogula kupita ku kampani, pomwe 450 yangotayika osapita kwa wina aliyense, chifukwa zinthu 30 zomwe anthu akanagula sizinapangidwe nkomwe. Ophunzira ambiri amasokoneza ziwirizi pamayeso.

Makampani akakhala awiri ndipo aliyense akusankha kuchuluka kwa zopanga, monga anafotokozera Cournot mu 1838, iliyonse imapanga 20, mtengo 60, phindu 400. Akakhala atatu, iliyonse 15, mtengo 55, phindu 225. Koma akamapikisana pa mtengo wa katundu wofanana ndendende, njira ya Bertrand ya 1883, awiri okha amakwana kugwetsera mtengo pa 40. Msika womwewo, makampani omwewo, mayankho awiri otalikirana. Apa ndi pomwe phunziro lenileni lagona: musanawerengere kalikonse, dziwani kaye kuti anthuwa amapikisana motani. Fakitale yomwe ili ndi malire a zomwe ingapange pa mwezi imayandikira kwa Cournot. Wogulitsa yemwe angathe kukwanitsa oda iliyonse mawa lomwe ali kwa Bertrand.

Onaninso chodabwitsa ichi. Pa makampani atatu aja, awiri akaphatikizana, poyamba ankapeza 225 kuphatikiza 225, yomwe ndi 450, koma tsopano akupeza 400. Aluza, ndipo yemwe wapindula ndi wachitatu uja amene sanachite kanthu. Salant, Switzer ndi Reynolds analemba za zimenezi mu 1983. Sizitanthauza kuti makampani ndi opusa. Zikusonyeza kuti chitsanzocho chasiya kena kake kunja, monga makina omwe kampani yophatikizanayo yatsala nawo kapena kusiyana kwa katundu wawo. Kuzolowera kufunsa chomwe chasiyidwa kunja ndi theka la digiriyo.

Za kugwirizana mitengo zimafuna masewero obwerezabwereza. M'chitsanzo chomwechi, awiri akapangana kupanga 15 aliyense amapeza 450. Mmodzi akabera mnzake amapanga 22.5 n'kupeza 506.25 kamodzi, kenako mgwirizano umatha ndipo onse amabwerera pa 400. Mgwirizanowo umalimba pokhapokha discount factor, muyeso wa momwe kampani imawerengera phindu la mtsogolo poyerekeza ndi la lero, ikafika 9/17, pafupifupi 0.53. Pa Bertrand malire ake ndi 1 − 1/n: makampani awiri 0.5, asanu 0.8. Ndi chifukwa chake wofufuza amayang'ana kuchuluka kwa makampani, ngati amaonerana mitengo mosavuta, ndi ngati wobera angagwidwe msanga. Mukatha kupeza nokha 9/17 osaonera, masamu muli nawo okwanira chaka choyamba.

Buku lomwe makosi ambiri amagwiritsa ntchito ndi la Massimo Motta la 2004, ndipo lili ndi ubwino woti mbali za masamu zinapatulidwa, munthu atha kuyamba ndi mawu okha. La Jean Tirole la 1988 ndi lolimba, musayambire pamenepo.

Nachisale:

Zomwe anena aNgozo n'zoona, koma pantchito nthawi yambiri sithera pa Cournot. Imathera pa kukangana kuti msika wake ndi uti. Kampani yomwe ikuimbidwa mlandu imafuna msika ukhale wotakata kuti gawo lake lioneke laling'ono, wodandaula amafuna wopapatiza.

Chida chopezera malire a msika ndi SSNIP, chomwe chinalowa m'malangizo a ku America oona za kuphatikizana kwa makampani mu 1982. Mumatenga katundu wochepa kwambiri yemwe mukumuganizira, n'kuyerekeza kuti yense ali m'manja mwa munthu mmodzi. Kodi atakweza mtengo ndi 5 kapena 10 peresenti kwa nthawi yaitali ndithu, angapindule? Ngati inde, msika ndi umenewo. Ngati ogula angathawire kwina mpaka iye n'kuluza, onjezerani katundu yemwe athawirako ndipo funsaninso. Chimodzimodzi ndi malo: shuga wa ku Karonga ndi wa kutsidya kwa Songwe ali pamsika umodzi kapena ayi? Yankho lili pa mtengo wa thiransipoti, msonkho wa pachipata ndi ziphaso zolowetsera katundu, osati pa mapu.

Powerengera amagwiritsa ntchito critical loss. Ngati mtengo ukukwera ndi X ndipo margin, kutanthauza gawo la mtengo lomwe limatsala mukachotsa ndalama yopangira chinthu chowonjezera, ndi M, malonda omwe mungataye osaluza ndi X/(X+M). Pa X ya 5 ndi M ya 40 zimapereka 11.1 peresenti. Msampha uli apa. Oimira kampani amati: onani, margin yathu ndi yaikulu, tikangotaya makasitomala ochepa taluza, choncho msika ndi wotakata. Koma margin yaikulu yomweyo ikuulula kuti makasitomala sathawa msanga, apo ayi kampani sikanaika mtengo pamwamba chotero. Lerner anasonyeza mu 1934 kuti margin imafanana ndi 1 kugawa ndi elasticity, muyeso wa momwe malonda amatsikira mtengo ukakwera. Wophunzira yemwe wawerengera critical loss n'kuiwala kufunsa kuti malonda otayika enieni ndi angati wangochita theka la ntchito.

Pali milandu iwiri yomwe muyenera kuidziwa chifukwa makhoti analakwitsa m'njira yophunzitsa. Woyamba ndi wa du Pont wa 1956 ku America. Kampaniyo inali ndi pafupifupi 75 peresenti ya cellophane, koma khoti linati anthu amatha kugwiritsa ntchito zokutira zina, ndipo pa zokutira zonse gawo lake linali losafika 20 peresenti. Chomwe anaphonya n'chakuti kampani yopanda mnzake imakweza mtengo mpaka pomwe ogula ayamba kuyang'ana kwina. Kuona anthu akuthawa pa mtengo umenewo si umboni wa mpikisano, ndi umboni woti mtengo unakwera kale. Ndiye pa mlandu woponderezana simuyamba SSNIP pa mtengo wa lero. Wachiwiri ndi wa United Brands wa 1978 ku Ulaya, pomwe khoti linati nthochi ndi msika pazokha, mwa zina chifukwa ana aang'ono, okalamba ndi odwala sangathe kudya zipatso zolimba. Koma wogulitsa sangaike mtengo wina kwa agogo opanda mano ndi wina kwa mnyamata wamano ake onse. Omwe amaletsa mtengo kukwera ndi aja angathe kusintha, osati aja sangathe.

Msika ukadziwika pamabwera HHI, muyeso wa momwe msika waunjikana m'manja mwa makampani ochepa: gawo la kampani iliyonse mulichulukitse ndi lokha, n'kuphatikiza. Makampani a 40, 30, 20 ndi 10 amapereka 1,600 + 900 + 400 + 100, yomwe ndi 3,000. Awiri ang'onowo akaphatikizana imakwera ndi 2 × 20 × 10, ndiye 400. Malangizo a ku America a 2010 ankati msika wapitirira muyeso pa 2,500, a 2023 anatsitsa kufika 1,800 pamodzi ndi kukwera kopitirira 100. Musaloweze manambalawa ngati Malamulo Khumi. M'maiko a chuma chaching'ono misika yambiri ya mafakitale imadutsa malire amenewa isanayambe n'komwe kufufuzidwa, chifukwa ogula ndi ochepa oti n'kudyetsa mafakitale asanu. HHI imangokuuzani poyang'ana.

Pa katundu wosiyana mayina, chofunika kwambiri ndi diversion ratio: mwa makasitomala omwe achoka kwa A mtengo ukakwera, ndi angati akupita kwa B? Akakhala 30 peresenti, margin ya B ndi 40 peresenti ndipo mitengo ndi yofanana, GUPPI, muyeso wa chikoka chokweza mtengo wa A awiriwo akaphatikizana, ndi 0.30 × 0.40, ndiye 12 peresenti. Bungwe loona za mpikisano la CMA ku Britain linagwiritsa ntchito njira imeneyi sitolo ndi sitolo pamene linakana kuti Sainsbury's ndi Asda aphatikizane mu 2019.

Kambewa:

Ndiwonjezere pa econometrics, chifukwa apa ndi pomwe ma dissertation ambiri amafera.

Cholakwa choyamba ndi kutenga mitengo ndi kuchuluka kwa zogulidwa, kuika mu regression wamba n'kunena kuti mwapeza elasticity. Simunapeze. Mtengo ndi kuchuluka zimapangika limodzi. Disembala anthu amagula zakumwa zambiri ndipo mtengo umakweranso, ndiye kompyuta ikuuzani kuti mtengo ukakwera anthu amagula kwambiri. Pamafunika instrument, chinthu chomwe chimasuntha ndalama zopangira katundu koma osakhudza chilakolako cha ogula: mtengo wa zipangizo kunja, mtengo wonyamulira katundu kuchokera ku Beira kapena ku Dar es Salaam, kusintha kwa msonkho. Mphamvu ya kwacha imakopa ambiri ngati instrument koma samalani nayo, popeza imakhudzanso matumba a ogula. Onetsetsaninso kuti first stage, kutanthauza momwe instrument ikusunthira mtengo, ndi yamphamvu. Chizolowezi chakale ndi F, nambala yoyezera mphamvuyo, yosachepera 10, ngakhale ambiri tsopano amafuna yokulirapo.

Chachiwiri ndi kuona mitengo ikuyendera limodzi n'kufuula kuti pali chiwembu. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Aliyense woitanitsa katundu kunja anakweza mitengo m'masiku omwewo, ndipo correlation ya mitengo ya sopo ndi ya matayala ingatuluke pamwamba kwambiri ngakhale zinthuzi sizikhudzana. Chotsani kaye inflation ndi zokweza ndalama zomwe onse akukumana nazo, gwiritsani ntchito kusintha kwa mitengo osati mitengo yeniyeniyo, ndipo yesani stationarity, kutanthauza ngati manambalawo sakungokwera kapena kutsika ndi nthawi. Mafuta a galimoto ndi chitsanzo china: mitengo pa mapampu imafanana chifukwa MERA ndi yomwe imalengeza, osati chifukwa eni ake akumana usiku. Khoti la ku Ulaya pa mlandu wa Wood Pulp mu 1993 linanena kuti kufanana kwa mitengo si umboni wa mgwirizano pokhapokha patasowa chifukwa china chomveka.

Chomwe manambala amachita bwino ndi kuloza pokayikitsa. Mu 1994 Christie ndi Schultz anaona kuti ogulitsa masheya pamsika wa Nasdaq ku America ankapewa mitengo yothera pa 1/8, 3/8, 5/8 ndi 7/8 pa masheya ambiri akuluakulu, zomwe zinkakulitsa phindu lawo. Kafukufuku wa boma anatsatira. Pa ma tenda muziyang'ana opambana mosinthana, oluza omwe kenako amapatsidwa kantchito ndi wopambana, ndi mitengo yomwe yangoima chilili pamene ndalama zopangira zikusinthasintha.

Werenganinso mlandu wa 1997 wa Staples ndi Office Depot, masitolo a zipangizo za m'maofesi ku America omwe ankafuna kuphatikizana. Bungwe la boma loona za mpikisano la FTC linasonyeza kuti mitengo inali yokwera m'mizinda momwe munali sitolo yaikulu ya kampani imodzi yokha poyerekeza ndi momwe munali ziwiri kapena zitatu, ndipo zikalata za makampaniwo zinkanena zomwezo. Khoti linaimitsa kuphatikizanako. Ndi chitsanzo chabwino cha fixed effects, njira yochotsera kusiyana kokhazikika pakati pa malo ndi malo, ndi kukangana kwa akatswiri pa deta yomweyo.

Phunzirani R panopa, pulogalamu ya pakompyuta yosanthulira deta, ndi yaulere. Pulogalamu inzake ya Stata mudzaipeza m'maofesi ambiri ndipo siitenga nthawi mukadziwa inayo. Njira ya Berry, Levinsohn ndi Pakes ya 1995, yoyezera momwe ogula amasankhira pakati pa katundu wosiyana mayina, idikire digiri yachiwiri. Yambani ndi logit wamba, njira yosavuta yoyezera zomwezo, ndipo mumvetse vuto lake, loti imagawa makasitomala othawa molingana ndi kukula kwa makampani ngakhale katunduyo asakufanana konse.

Mwana_wa_Chipata:

Ine pano nditsutsane pang'ono ndi akuluakuluwa. Mwadzaza mwana ndi masamu ngati kuti milandu imapambanidwa ndi regression. Magulu ambiri ogwirizana mitengo amagwidwa chifukwa mmodzi mwa iwo wapita kukaulula kuti akhululukidwe chindapusa. Khoswe wapadenga adaulula wapadzala. America inakonzanso ndondomeko yake yokhululukira woyamba kuulula mu 1993, Ulaya inayamba yake mu 1996. Pa mlandu wa malole ku Ulaya mu 2016, Daimler, DAF, Volvo/Renault ndi Iveco analipitsidwa mayuro 2.93 biliyoni pa mgwirizano womwe unatenga zaka 14, pomwe MAN, yomwe inaulula, sinalipire kalikonse. Ku South Africa pa nkhani ya buledi, Premier Foods inakhululukidwa, Tiger Brands inalipira pafupifupi R99 miliyoni mu 2007, ndipo Pioneer Foods yomwe inasankha kumenya mlandu inalamulidwa kulipira pafupifupi R196 miliyoni mu 2010.

Tsono a Tiyamike, tengani kosi imodzi ya malamulo a mpikisano ngati mpata ulipo. Dziwani kusiyana kwa Article 101 ndi 102 za ku Ulaya, yoyamba ya mapangano, yachiwiri ya kugwiritsa ntchito mphamvu molakwika, chifukwa malamulo ambiri a kuno kwathu anatsanzira kamangidwe kameneka. Wazachuma wosadziwa kuti ndani ayenera kubweretsa umboni, ndiponso wochuluka bwanji, amalemba malipoti okongola omwe woweruza sangawagwiritse ntchito.

aNgozo:

Sitikutsutsana kwenikweni, achimwene. Kukhululukira woulula ndi game theory yomweyo: boma likukweza phindu la kubera anzako kuti malire aja a 9/17 asakwanike. Ndipo ikafika nthawi yowerengera kuti ogula anaberedwa zingati, palibe loya angachite popanda mtengo woyerekeza uja.

Tiyamike_Zomba:

Zikomo kwambiri nonse, ndayesa za Cournot zija ndipo 9/17 yatuluka nditalakwitsa kawiri. Nanga malo ophunzirira ndi ati, ndipo mutu wa dissertation wa chaka chachinayi ndingausankhe bwanji kuti undithandize?

Nachisale:

Pafupi ndi kwathu kuno, yang'anani University of Johannesburg. Kuli likulu lofufuza lotchedwa CCRED ndi digiri yachiwiri ya mpikisano ndi kayendetsedwe ka misika, ndipo kafukufuku wawo amakhudza misika ya chimanga, soya, feteleza ndi nkhuku m'maiko monga Malawi ndi Zambia. Ku Ulaya kuli Barcelona School of Economics yomwe ili ndi digiri ya chaka chimodzi pa nkhani zomwezi, Toulouse School of Economics komwe kuli Tirole yemwe analandira mphoto ya Nobel mu 2014, ndi University of East Anglia ku Norwich komwe kuli Centre for Competition Policy. Toulouse ndi ya munthu wokonda masamu kwambiri. King's College London ili ndi dipuloma yophunzira uli kwanu, koma inakonzedwa poganizira maloya ndi anthu omwe ali kale pantchito. Posankha musayang'ane dzina lokha. Tsegulani mndandanda wa makosi muone ngati muli empirical industrial organisation yokhala ndi ntchito ya pakompyuta, ndiponso ngati ophunzira amapatsidwa mlandu weniweni kuti augawane mbali n'kukangana. Osankha ophunzira amayang'ana kwambiri magiredi a microeconomics, masamu ndi econometrics, choncho chaka chino ndi chamawa limbikirani pamenepo.

Za ntchito, Lilongwe ili ndi mwayi womwe mizinda yambiri ilibe. Muli CFTC, bungwe la dziko lino loona za mpikisano ndi chilungamo pamalonda, komanso likulu la bungwe la COMESA loona za mpikisano lomwe linayamba ntchito mu 2013 ndipo limaunika kuphatikizana kwa makampani ochita malonda m'maiko angapo. Lamulo la Malawi la 1998 linalowedwa m'malo ndi latsopano mu 2024, lomwe limalola chindapusa chofika 10 peresenti ya ndalama zomwe kampani yalowetsa pa chaka. Ku Zambia kuli bungwe longa lomweli la CCPC pansi pa lamulo la 2010. Mabungwe monga MACRA ndi MERA amafunanso anthu a luso lomweli. Werengani lamulo la 2024 lonse, si lalitali moti n'kukutopetsani.

Dziwaninso kuti kuno kummwera kwa Africa funso silithera pa mtengo wa ogula, monga mabuku ambiri a ku America amaphunzitsira. Lamulo la South Africa la 1998 limalamula kuti poona kuphatikizana aganizirenso ntchito za anthu ndi mabizinesi ang'onoang'ono. Walmart itagula gawo lalikulu la Massmart, eni ake a masitolo a Game, mu 2011, chilolezo chinabwera ndi mfundo zoteteza ogwira ntchito ndi thumba la ndalama lothandiza opereka katundu a m'dzikomo. Azachuma amagawanika pa zimenezi. Ine ndimaona kuti n'zomveka m'dziko la ulova wochuluka, bola kuwerengera kwa mpikisano kuchitidwe padera ndi poyera, kuti zioneke kuti ogula alipira zingati pofuna kusunga ntchitozo.

Pa dissertation, yambani ndi deta osati mutu. Ophunzira ambiri amasankha mutu waukulu ngati mphamvu za makampani a mafoni, kenako amapeza kuti mitengo yeniyeni ndi ndalama zopangira zili m'makabati a makampani ndipo palibe angawapatse. Mitengo ya mbewu ndiyo yosavuta kupeza: bungwe lofufuza za chakudya la IFPRI limatulutsa lipoti la msika wa chimanga ku Malawi mwezi uliwonse, ndipo NSO ku Zomba imatolera mitengo ya zinthu. Tengani mbewu imodzi, misika inayi kapena isanu, miyezi yosachepera 60. Werengerani kusiyana kwa mtengo pakati pa misika iwiri, chotsani ndalama yonyamulira thumba la makilogalamu 50 pa mtunda umenewo, muone chotsalacho. Chikakhala chachikulu kwa miyezi yambiri, funsani chomwe chikuletsa wamalonda wina kulowapo: chiletso chotumiza kunja, ziphaso, kusowa kwa ndalama zakunja, misewu ya nthawi ya dzinja, kapena ogula akuluakulu ochepa. Mbali imeneyi ya mphamvu za ogula, monopsony, mabuku amaipatsa masamba ochepa, chonsecho kwa mlimi wa soya kapena fodya ndiyo nkhani yaikulu. Masamu ake ndi omwe aja a kampani yokhayokha, mwangowatembenuza: wogula amachepetsa zomwe akugula kuti mtengo utsike.

Musatchule kampani kuti ikuchita chiwembu chifukwa cha graph. Lembani kuti manambala akugwirizana ndi chiyani, sakugwirizana ndi chiyani, ndi umboni uti womwe ungasiyanitse zifukwazo. Ndipo sungani mitengo yonse mu kwacha ndi mu dola, pa reti ya kubanki ndi ya pamsika wamba, chifukwa pa zaka zaposachedwapa ziwirizi zingakupatseni mayankho osiyana pa funso lomwelo.